Ndalama zimene mumati zangokhala zili ndi eni ake

Kwa mayi Ursula von der Leyen, mtsogoleri wa European Commission (bungwe loyendetsa ntchito za European Union), a Raffaele Fitto, wachiwiri wawo woona za chitukuko cha m'zigawo, ndi nduna zonse zoyang'anira ndalama za chitukuko cha m'zigawo m'mayiko 27 a European Union,

Zikomo akuluakulu. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa nkhani yake si yam'chipinda, ndipo ikukhudza mawu amene mwawazolowera kwambiri kuyambira chaka cha 2020, akuti "ndalama zosagwiritsidwa ntchito". Kukagwa mliri, kukabuka nkhondo, magetsi akakwera mtengo, mitsinje ikasefukira, mumathamangira ku thumba limodzi lomwelo, la chitukuko cha m'zigawo, n'kuuza anthu kuti musade nkhawa, pali ndalama zangokhala. Ine ndakhala zaka zambiri pa ntchito yowerengera ndalama za mapulojekiti a chitukuko, ndipo sindinaonepo ndalama yangokhala. Ndinaona ndalama yochedwa, yotsekeredwa ndi mapepala, yodikira siginecha ya munthu amene ali pa tchuthi. Koma iliyonse inali ndi dzina la msewu, mpope wa madzi kapena sukulu imene anthu ena analonjezedwa.

Mbiri ya thumbali mukuidziwa kuposa ine, koma ndiikumbutsa chifukwa pa mikangano ya masiku ano ikuoneka ngati yaiwalika. European Regional Development Fund inakhazikitsidwa mu 1975, patangopita zaka ziwiri Britain, Ireland ndi Denmark atalowa m'mgwirizano. Cholinga chake chinalembedwa momveka mu ndime 174 ya pangano loyendetsera mgwirizanowu: kuchepetsa kusiyana kwa chitukuko pakati pa zigawo, ndi kukweza zimene zatsalira. N'chifukwa chake chigawo chimene chuma chake pa munthu mmodzi sichifika magawo 75 pa 100 a mulingo wa mgwirizano wonse chimalandira zochuluka, ndipo Brussels, likulu la mgwirizanowu, imatha kulipira mpaka magawo 85 pa 100 a mtengo wa pulojekiti kumeneko. Ndalama zonse za ndondomeko ya chitukuko cha m'zigawo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a bajeti ya mgwirizano, mayuro oposa 390 biliyoni pa zaka za 2021 mpaka 2027. Thumba lalikulu chonchi aliyense amaliyang'ana ndi diso la njala zinthu zikavuta. Koma linasonkhedwa poganizira Calabria ku Italy, Extremadura ku Spain, kumpoto chakumadzulo kwa Bulgaria, kumpoto chakum'mawa kwa Romania, malo amene achinyamata amachokako chifukwa kulibe chowasunga.

Za mu Malichi 2020, mliri wa COVID-19 utavuta, sindikukutsutsani. Amene anaona magalimoto a asilikali akutuluka mu mzinda wa Bergamo ku Italy usiku atanyamula mabokosi a maliro sangakhale pansi n'kumawerenga ndime za malamulo. Pa 13 Malichi Commission inapereka ganizo la Coronavirus Response Investment Initiative, ndipo pofika pa 1 Epulo linali lamulo. Mayiko analoledwa kusunga mayuro pafupifupi 8 biliyoni amene anapatsidwiratu koma sanawagwiritse ntchito, amene akanayenera kubweza ku Brussels, ndipo ndalama zimenezo zinatsegula njira ya enanso 29 biliyoni. Zonse pamodzi 37 biliyoni, zogulira zotchinga kukamwa ndi mphuno, makina othandiza kupuma, ndi kusunga anthu pa ntchito. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ndikanakhala pa mpando wa mayi Elisa Ferreira, amene ankayang'anira ndalamazi ku Commission nthawi imeneyo, nanenso ndikanasayina, mwina mofulumira kuposa iwo.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti chitseko chimene munatsegula tsiku limenelo simunachitsekenso. Patangotha masabata atatu panabwera lamulo lachiwiri lomasula kwambiri. Mu 2022, Russia italowa mu Ukraine pa 24 Febuluwale, panabwera CARE yothandizira othawa nkhondo, kenaka yoonjezera yake, FAST-CARE. Mitengo ya gasi ndi magetsi itapenga panabwera SAFE, yolola dziko kutenga mpaka magawo 10 pa 100 a ndalama zake za 2014 mpaka 2020 n'kulipirira mabanja ndi mabizinesi ang'onoang'ono mabilu. Mu Sepitembala 2024 madzi atamiza mbali za Poland, Czechia, Austria ndi Romania, mayi von der Leyen munaima ku Wrocław, ku Poland, n'kulonjeza mayuro 10 biliyoni, ochokera m'thumba lomweli. Valencia ya ku Spain itasefukira kumapeto kwa Okutobala, lamulo la RESTORE, lolola ndalamazi kukonzera zimene ngozi zotere zawononga, linatsatira. Ndipo pa 1 Epulo 2025, a Fitto, munapereka ganizo loti mayiko athe kusunthira ndalamazi ku chitetezo cha dziko, nyumba, madzi ndi mphamvu zamagetsi. Chilichonse mwa izi, mukachiyang'ana pachokha, chili ndi chifukwa chomveka. Mukaziika pamzere, mukuona kuti thumba lokwezera otsalira lasanduka kabati ya mankhwala ya nyumba yonse.

Ndiye tiyeni tikambe za momwe ndalama imakhalira "yosagwiritsidwa ntchito", chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani.

Ndalama za chitukukozi sizifika m'chigawo ngati mtolo woti anthu ayambe kugawana. Zimabwera ngati lonjezo. Boma la chigawo liyenera kulemba pulogalamu, Brussels iivomereze, kenaka alengeze kuti ofuna thandizo apemphe, asankhe mapulojekiti, aitanitse makontirakitala, amene walephera akadandaule ku khothi ngati akufuna, ntchito iyambe, kontirakitala alipidwe, malisiti afufuzidwe, ndipo pokhapokha zonsezi zitatheka m'pamene Brussels imabweza ndalama. Pa mabuku anu, ndalama ya mlatho umene mizati yake yaima kale mumtsinje imaonekabe ngati sinakhudzidwe, chifukwa pempho lobwezera silinafike. Njanji imatenga zaka zisanu kapena khumi kuchokera pa pepala mpaka sitima yoyamba. Pa zaka zonsezo nambala yake imangoti phee mu kompyuta, ndipo munthu wofuna ndalama mwachangu akaiona amameza malovu.

Nanga amachedwa kwambiri ndani? Si mzinda wolemera wokhala ndi maofesi odzaza mainjiniya ndi maloya. Amachedwa ndi khonsolo yaing'ono ya kumapiri imene ili ndi injiniya mmodzi, yemwenso ndiye woyang'anira zinyalala ndi manda. Ndinagwirapo ntchito ndi ofesi ina yotere, sinditchula dzina. Panali mayi mmodzi amene ankalemba yekha mapempho onse a chigawo chaching'ono, ndipo atadwala miyezi inayi, pulojekiti ya mapaipi a madzi inaima miyezi inayi yomweyo. Pa lipoti la chaka chimenecho, ndalama ya mapaipiyo inalembedwa m'gulu la zosagwiritsidwa ntchito. Anthu a m'midzi imeneyo sanaleke kufuna madzi. Kungoti umphawi womwewo umene unawapatsa ufulu wolandira ndalamayo ndi umenenso unawalepheretsa kuitola msanga. Mvula ikakuona litsiro sikata. Mukamati tingotenga zimene zatsala, dziwani kuti zimatsala kwambiri kwa ofooka, ndipo mukutenga kwa iwo kuti mulipirire tsoka limene lagwera aliyense, olemera omwe.

Wina anganene kuti ndalamazo sizichoka m'dziko lake, zimangosintha ntchito. Zoona, envelopu ya Italy, ndiye kuti gawo lake la ndalamazi, imakhalabe ya Italy. Koma lamulo la mu Epulo 2020 linalola chinthu chimene kale chinali chovuta kwambiri: kusuntha ndalama kuchoka ku gulu lina la zigawo kupita ku lina, ngakhale kuchoka kwa osauka kupita kwa olemera. Linachotsanso kwa kanthawi lamulo lokakamiza mayiko kuika gawo lina la ndalama pa kafukufuku ndi pa kuchepetsa utsi woononga mpweya. REACT-EU, thandizo loonjezera la pa mliri, itabwera ndi mayuro oposa 50 biliyoni, amene anali ndalama zatsopano ndithu ndipo ndikuyamikira, inagawidwa poyang'ana momwe chuma cha dziko lonse chagwera ndi kuchuluka kwa osowa ntchito, popanda kugawiratu kuti chigawo chosauka chilandire zingati. Chisankho chinapita ku malikulu a mayiko. Ndipo nduna ya ku likulu ikapanikizika, imamva kulira kwa amene ali pafupi ndi khutu lake.

Pali kanthu kenanso kamene kamaoneka ngati mphatso koma kali ndi mchira. Munalola kuti kwa chaka cha mabuku cha 2020 mpaka 2021, ndipo kenaka chotsatira chake, Brussels ilipire zonse, 100 pa 100, boma la dziko osaikapo kalikonse. Kwa nduna ya zachuma imene thumba lake linauma, umenewu unali mpumulo weniweni. Koma envelopu ya Brussels siinakule chifukwa cha chimenecho. Taganizirani pulogalamu ya mayuro 100, pamene Brussels imapereka 85 ndipo dziko 15. Mukachotsa 15 wa dziko, chigawo chimatsala ndi ntchito ya mayuro 85. Palibe anaba, palibe ananama, koma kilomita zingapo za msewu zasowa mwakachetechete, ndipo palibe lipoti limene lidzazitchule.

Chimandipweteka kwambiri ndi momwe zimenezi zimakometsera mabuku. Aliyense wa ife amene anagwirapo ntchito imeneyi amadziwa mantha a lamulo la N+3: ndalama ya chaka china ikapanda kupemphedwa pofika kumapeto kwa chaka chachitatu chotsatira, yapita. Ndipo ndondomeko yonse ya 2014 mpaka 2020 inali ndi mpanda wake pa 31 Disembala 2023. Tsono ikani munthu pa desiki, mumuuze kuti tsiku likuyandikira, kenaka mumupatse njira ziwiri: amalize njanji imene ili ndi milandu itatu ku khothi, kapena alembe ndalamayo pa malipiro a antchito amene boma lalipira kale ndipo malisiti ake ali tayale. Asankha chiyani? Sindimuimba mlandu, inenso ndinakhalapo pa desiki yotero ndipo thukuta lake ndikulidziwa. Mlingo wa ndalama zogwiritsidwa ntchito umakwera, nduna imaima pa nyumba ya malamulo n'kunena kuti sitinataye yuro ngakhale imodzi, aliyense amaomba m'manja. Njanji ija imasamutsidwira ku ndondomeko yotsatira, kumene ikadye ndalama imene ikanamanga chinthu china.

Zimenezi si maganizo anga ndekha. European Court of Auditors, bungwe lanu lomwe lofufuza mabuku, mu lipoti lake la kumayambiriro kwa 2023 linavomereza kuti munachita mwachangu pa mliri, koma linachenjeza kuti kugwiritsa ntchito ndalama za chitukuko cha m'zigawo mobwerezabwereza pothana ndi mavuto adzidzidzi kungasocheretse ndondomekoyi pa cholinga chake chachikulu. Munaliwerenga, munaliyankha mwaulemu, ndipo chaka chotsatira munali ku Wrocław.

Taonaninso momwe gudumuli likuzungulirira lokha. Maofesi amene anayenera kulemba mapulogalamu a 2021 mpaka 2027 anatanganidwa kusintha mapulogalamu akale, kamodzi, kawiri, katatu, malinga ndi vuto limene lagwa. Pa nthawi yomweyo anawasenzetsa Recovery and Resilience Facility, thumba lodzutsira chuma pambuyo pa mliri, la mayuro oposa 700 biliyoni, limene mpanda wake ndi Ogasiti 2026, ndiye aliyense anathamangira kumene tsiku layandikira. Mapulogalamu atsopano a m'zigawo ambiri anavomerezedwa mu 2022, chaka chachiwiri cha ndondomeko chili kumapeto. Zotsatira zake n'zodziwikiratu: pofika pakati pa ndondomeko, ndalama zolipidwa zinali zochepa kwambiri. Ndiye munayang'ana nambala zochepazo n'kunena kuti taonani, zangokhala, tiyeni tizipatse ntchito ina. Kuchedwa kumene munakubala nokha kwasanduka umboni woti mutengenso.

Ndikudziwa yankho lanu lamphamvu, ndipo sindilipeputsa. Mudzati kuli bwino ndalama igule makina opumira kusiyana n'kuti ibwerere ku Brussels osachita kanthu. Pa ndalama imene ikanatayikadi, mukunena zoona. Mapulojekiti ena ndi akufa, analembedwa kuti akondweretse meya wina, ndipo kuwachotsa n'kuchitira chigawo chifundo. Koma kusiyanitsa pulojekiti yakufa ndi yochedwa kumafuna kuti munthu atsegule fayilo imodziimodzi, ndipo pa changu cha mavuto palibe amachita zimenezo. Amadula ndi chikwanje pamene pamafunika lumo.

Njira yabwinoko ilipo, ndipo siichokera kumwamba. A Fitto, inu mukuidziwa chifukwa inachitika kwanu. Mu 2020 boma la Italy, nduna yoona za kum'mwera ili a Giuseppe Provenzano, linapangana ndi zigawo kuti ndalama za ku Europe zipite ku mliri, koma mapulojekiti amene achotsedwa pa mndandanda alipiridwe ndi thumba la dzikolo la Fondo per lo Sviluppo e la Coesione, limene lamulo lake limati magawo 80 pa 100 apite kum'mwera. Sindikunena kuti zonse zinayenda myaa. Thumba limenelonso lili ndi mbiri yake ya kuchedwa ndi kubwerekedwa. Koma mfundo yake inali yolondola: chimene watenga pa tsiku la tsoka ndi ngongole, ndipo mwini wake ali ndi dzina. Chimene ndikupempha n'chakuti mfundo imeneyi ikhale lamulo la mgwirizano wonse, osati chifundo cha nduna imene ilipo chaka chimenecho. Yuro iliyonse yochoka ku chigawo chosauka pa nthawi ya vuto ilembedwe kuti yabwerekedwa, ndipo tsiku loibweza lilembedwe pa pepala lomwelo. Ngati boma silingathe kulonjeza kubweza, linene poyera kuti talanda, anthu a chigawocho adziwe chochita pa tsiku la mavoti.

Ndikupemphanso kuti mukonze thumba limene ntchito yake ndi ya ngozi. European Union Solidarity Fund inabadwa mu 2002, madzi atamiza Prague ndi Dresden, ndipo mu 2020 munaikulitsa kuti ifikenso pa miliri. Koma pa zaka za 2014 mpaka 2020 denga lake linali mayuro pafupifupi 500 miliyoni pa chaka, ndalama imene chigumula chimodzi chachikulu chimaimeza osatafuna, ndipo imafika patapita miyezi yambiri. Mwakhala ndi thumba la ngozi laling'ono ngati chikho pafupi ndi thumba la chitukuko lalikulu ngati mgolo, ndiye n'zosadabwitsa kuti moto ukabuka mumagubuduza mgolowo. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa ngakhale sichinenedwa pa misonkhano ya atolankhani: kupempha mayiko olemera kuti asonkhe ndalama zatsopano kumafuna mausiku anayi a mkangano, monga zinachitikira pa msonkhano wa atsogoleri a mayiko mu Julaye 2020, pamene kusuntha ndalama za zigawo zosauka kumafuna kusintha ndime zingapo za lamulo. Zigawozo zilibe mpando pa tebulo la atsogoleri a mayiko. Committee of the Regions, bungwe loimira zigawo, imapereka maganizo, koma siiletsa kanthu.

Za chitetezo cha dziko ndinena mwachidule. Mayiko oyandikana ndi Russia ali ndi mantha enieni, ndipo msewu wolimba wopirira magalimoto a asilikali kum'mawa kwa Poland kapena ku Latvia ungathandizenso mlimi wa kumeneko. Koma fakitale ya zida imamangidwa kumene kuli kale mafakitale, mainjiniya ndi njanji. Mukalola kuti ndalama ya otsalira itsatire mafakitale, ipita kumene chitukuko chinafika kale.

Ndipo ngati vuto lenileni ndi loti zigawo zosauka sizitha kutola ndalama zawo msanga, mankhwala ake si kuzilanda. Lembani mainjiniya. Lipirani anthu odziwa malamulo a makontirakiti kuti akakhale m'makhonsolo ang'onoang'ono zaka zisanu, osati alangizi obwera pa ndege Lolemba n'kubwerera Lachinayi atasiya lipoti. Chepetsani mapepala amene khonsolo ya anthu 3,000 imafunsidwa mofanana ndi mzinda wa anthu 3 miliyoni. Mayi uja wa mapaipi a madzi akanakhala ndi mnzake mmodzi yekha mu ofesi, ndalama ija sikanalowa m'gulu la zangokhala.

Panopa mukukambirana bajeti ya 2028 mpaka 2034. Ganizo limene Commission inapereka mu Julaye 2025 likufuna kuphatikiza ndalama za zigawo, za ulimi ndi zina kukhala pulani imodzi ya dziko lililonse, ndipo mawu amene akumveka paliponse ndi akuti kumasuka, kutha kusuntha ndalama mosavuta pakagwa vuto. Ndikumva chifukwa chake mukuwakonda mutadutsa m'zaka zimenezi. Koma kumasuka kwa nduna ya ku likulu ndi kusatsimikizika kwa meya wa kumudzi, amene sangasayine kontirakiti ya zaka zisanu ndi ndalama imene ingaitanidwe chaka chamawa.

Musanavote pa bajeti imeneyo, ndikupempha chinthu chimodzi chimene sichifuna lamulo latsopano kapena yuro yoonjezera. Tulutsani mndandanda. Pa webusaiti yanu muli kale matebulo okongola osonyeza mabiliyoni amene anapita ku zipatala, ku mabizinesi ndi kwa othawa nkhondo, ndipo ndi bwino kuti alipo. Chimene mulibe ndi tsamba la mbali inayo: dzina la pulojekiti iliyonse imene inachotsedwa kapena kuimitsidwa kuyambira pa 1 Febuluwale 2020 kuti ndalamazo zipezeke, chigawo chake, mtengo wake, ndi pamene ili lero, kaya inamangidwa ndi ndalama zina, kaya ikudikira, kaya inafa. Maofesi oyendetsa mapulogalamu ali nawo mafayilo amenewa, chifukwa pulogalamu siisinthidwa popanda kulemba chimene chachoka. Auzeni awatumize, ndipo muwaike pamene munthu wa ku Calabria kapena wa ku Vidin ku Bulgaria angalembe dzina la mudzi wake n'kuona chimene chinachitikira mlatho wake.

Ine wanu,
Wowerengera ndalama za mapulojekiti, wopuma pa ntchito